Chithunzi cha M'mutu mwa Apongozi

Dokotala, mtsikana wachichepere, anatembenuza kompyuta kuti onse atatu aone. Pamipando iwiri panakhala Tae-gon ndi mlongo wake Bok-hui, amene anali atangofika kuchokera ku Seoul. Yeon-ok, mkazi wa Tae-gon, anaima kumbuyo. Zaka makumi awiri ndi zisanu m'banja la a Pyo zinali zitamuphunzitsa malo ake.

"Apa ndi pamene mtsempha wa mayi anu unaphulika dzana," anatero dokotala. "Koma chondidetsa nkhawa ndi choyera chazungulirachi. Pakati pa magazi ndi ubongo pali kakhoma kopyapyala kotchinga. Mankhwala amene tawabaya kuti aoneke pa makina sanayenere kudutsa, koma taonani, adutsa. Khomalo likudontha, ubongo ukutupa. M'mapapo namonso mwayamba chibayo. Ndiuzeni zoona: zinayamba nthawi yanji, ndipo munawamwetsa kanthu?"

"Titangoona, tinathamanga nawo," anayankha Tae-gon osaphethira n'komwe. "Mwina zinayambira kukhitchini. Ife amuna za kumeneko sitingadziwe."

Bok-hui anacheuka. "Alamu, si inu munali nawo m'mawa wonse? Maso munawasiya mumphika?"

Dzana linali tsiku la Chuseok, pamene banja limatandikira makolo akufa chakudya. Abale asanu ndi awiri a malemu apongozi aamuna anali atadzaza nyumba ku Andong. Apongozi aakazi anagwetsa mbale ya zipatso, n'kugwira mutu, pakamwa patapotoka. Yeon-ok anatola foni, koma Tae-gon anamulanda. Ambulansi ilire pakhomo makolo ali pakudya? Iye, mwana woyamba, ayang'ana bwanji anthu? Anatenga singano n'kuwabaya mayi ake zala zonse khumi kuti magazi oipa atuluke. Anasungunula mbulu wa mankhwala azitsamba m'madzi n'kuwathira m'kamwa, iwo akutsamwa. Kenako anawagoneka kuchipinda. Amuna anagwada, anathira mowa, anadya mpaka kukhuta.

"Panapita maola anayi tisanabwere nawo, adokotala," anatero Yeon-ok.

"Iwe, takhala chete!" anakalipa Tae-gon.

"Bambo a Da-eun, ndakhala chete kuyambira dzana. Adokotala, kaoneni zala zawo. Ndipo anawamwetsa mankhwala asakutha kumeza. Ine ndinali kupukuta."

Dokotala sanakalipe. Analemba, anaimbira namwino kuti asinthe mankhwala a chifuwa. "Zikomo, mayi, mwatithandiza. Sindinganene kuti kuchedwako ndiko kwaboola khomali. Koma chibayochi chayambira pa zomwe anamwetsedwazo."

Atatulukira m'khonde, Tae-gon anali atatolapo kale mawu omukomera. "Wamva, Bok-hui? Akuti sanganene."

Yeon-ok anayang'ana mlamu wake. Ankaganiza kuti mwana wamkazi, atamva zimene anawachita mayi ake, atembenukira mchimwene wake. Anali kudzinamiza.

"Mwakondwa tsopano?" anatero Bok-hui motsitsa mawu. "Achimwene anachita zomwe bambo akanachita. Inu mwawavula pamaso pa kamtsikana kovala zoyera, ngati kuti kwathu kulibe ulemu. Zam'nyumba timaulula kwa alendo?"

"Amayi akanafa nacho chifuwa."

"Amayi ndi athu, alamu. Musatiphunzitse kuwakonda."

Namwino anabwera ndi pepala. Anati odwala akadzatuluka m'chipinda cha odwala kwambiri, padzafunika wachibale mmodzi wokhala nawo: kuwatembenuza maola awiri aliwonse, kuwasambitsa, kuwadyetsa kudzera m'kapaipi ka m'mphuno. Ikhoza kukhala miyezi, mwina zaka. Alembe dzina la ndani?

Bok-hui anayamba kufufuza tikiti ya sitima m'chikwama. Tae-gon analandira cholembera. Sanafunse, sanayang'ane n'kumbuyo komwe. Analemba dzina la Yeon-ok mwaluso, ndi dzanja lake lokongola lija limene abale amaliyamikira, n'kubweza pepalalo kwa namwino ndi manja awiri.