Njira Yopanda Popatukira

Tamiwe anafika pamalopo mame asanaume, mapulani ali m'khwapa. Malowo anali famu yakale ya fodya, m'mbali mwa msewu wochokera ku Chipata kupita ku Mtenguleni. Bungwe la aphunzitsi ndi akalaliki linagula famuyo kuti limangepo tawuni yawoyawo ya nyumba mazana atatu. Ntchito yojambula tawuniyo anampatsa Tamiwe, yemwe anali atangomaliza maphunziro ku Kitwe. Iye ankadziwa kuti sanamusankhe chifukwa cha satifiketi yokha: theka la komiti linaphunzitsapo pamodzi ndi malemu bambo ake.

Pa pulani yakeyo magalimoto ankathera m'mphepete mwa tawuni. Mkati munali njira zapansi zokhazokha, za anthu ndi njinga, ndipo sukulu, msika ndi kiliniki anaziika pamtunda woti mayi wobereka mwana afike asanatope. Koma wapampando wa bungwe, a Bizwell Ngoma, anali ndi pulani ina, ya misewu yotakata yowongoka ngati mizere ya m'kope, galimoto kufika pakhomo lililonse. Galimoto yawo inali pamiyala chaka chachitatu tsopano, koma ankaiganizirabe ngati mwana amene ali kusukulu yakutali.

Tsikulo mamembala ankasankha pulani imodzi pokweza manja. Ya Tamiwe ikagwa, ntchito yake yoyamba ithera pomwepo, abwerere kukathandiza mayi ake m'golosale ku Kapata.

Pofuna kuti anthu aione njirayo ndi mapazi awo, anali ataikonzeratu imodzi. Mbali ina anakumbitsa ngalande ya madzi amvula, yofika m'chiuno, ndipo mvula yadzulo inali itaiyesa kale. Mbali inayo anamanga chingwe pazikhomo.

“Chingwechi ndi mpanda wa puloti ya mwini,” anawauza motero anthu atasonkhana. “Chonde pasakhale wochidumpha. Ena muyambire kumtunda, ena kumunsi, muone kuti mupitirirana bwinobwino.”

Poyamba zinayenda monga anazijambulira. Anthu awiri ankayenda mogundana mapewa, wachitatu n'kudutsa ndi njinga. Amayi ankacheza osacheukacheuka. Tamiwe anayamba kupuma bwino.

Kenaka gulu lochokera kumunsi linaima. Patsogolo pake panali a Wilbroad Sakala, kalaliki wa pasukulu ina ya ku Kasenengwa, mkulu wa mpingo, atavala suti yawo ya pa Sabata. Kuchokera kumtunda kunkabwera mayi Esnat Mbewe, namwino wopuma pantchito wa ku Tamanda, ambulera ili m'manja, mwana wawo Yosefina ali pambuyo. Yosefinayo ndiye anali mkazi wa a Wilbroad.

A Wilbroad anayang'ana kumanzere, anaona chingwe, ndipo pokhala munthu amene wasunga malamulo a muofesi moyo wake wonse, sanachidumphe. Anacheukira m'mbuyo, anapeza anthu atadzaza njira. Apongozi awo ankayandikirabe. Ndiye anavula chipewa, natsikira m'ngalande, nanjuta m'matope atafulatira njira.

Mayi Esnat anadutsa nkhope itayang'ana kumapiri, ngati kuti m'ngalandemo munalibe munthu.

Anthu anaseka, koma kuseka kwake sikunakhalitse. Amuna angapo anayamba kuyeza ngalandeyo ndi maso. Mwambowo Tamiwe ankaudziwa bwino lomwe: mkamwini sakumana maso ndi maso ndi apongozi ake, amapatuka panjira mpaka adutse. Ali mwana anaonapo bambo ake, tayi ili pakhosi, akulowa m'chimanga cha eni chifukwa agogo ake akuchikazi atulukira pakona. Koma njira zakumudzi zimakhala ndi tchire mbali zonse, ndipo m'mabuku a ku Kitwe munalibe tsamba la apongozi. Choipirapo, pa mafomu anthu anapempha kukhala pafupi ndi abale awo, iye n'kuwamvera. Pa pulani yake pafupifupi mkamwini aliyense anali panjira imodzi ndi apongozi ake.

Atakhala pansi pamthunzi wa mtengo wa mango kuti akambirane, a Bizwell sanataye nthawi.

“Mwadzionera nokha,” anatero. “Mwana wathuyu waphunzira, sitikukana. Koma mkulu wa mpingo walowa m'dzenje tonse tikuona. Pamsewu wotakata munthu amangowolokera tsidya lina. Ukakhala m'galimoto ndiye nkhani palibe, umangokweza galasi.”

“Zinthu zakale izi, tiyeni tizisiye,” anatero Fulansisi, mphunzitsi wa masamu.

“Iwe ukulimba mtima poti apongozi ako ali ku Ndola,” wina anamuyankha kumbuyo. “Abwere adzakhale kuseri kwa nyumba yako, tidzaone masamu akowo.”

Tamiwe anayang'ana nkhope za anthu. Amuna ambiri ankagwedezera mitu a Bizwell, ngakhale aja amene sanagwirepo chiwongolero.

Mayi Esnat anali atakhala pampando wawo wopinda. A Wilbroad anali mapazi asanu okha kuchokera pamenepo, kuseri kwa thunthu la mango, akupala matope pathalauza ndi kamtengo.

“Yosefina,” anatero mayiwo, “afunse amuna ako ngati avulala.”

Yosefina anatembenuza mutu pang'ono. “Akuti mwavulala?”

“Uwauze kuti ndili bwino,” anayankha a Wilbroad, akuuza thunthu la mtengo.

“Akuti ali bwino.”

“Uwauzenso kuti za galasizo asazimvere. Chaka chija anabwereka galimoto, atandiona pamsewu anabisa mutu kunsi kwa chiwongolero, galimoto ikuyenda. Mbuzi ya eni inafera ulemu umenewo.”

Apa anthu anaseka momasuka, ndipo ngakhale mapewa a a Wilbroad ankagwedezeka. Tamiwe anaona kuti mpata wake ndi womwewo, wina sudzapezekanso. Anatulutsa tepi yoyezera m'chikwama, napita kuseri kwa mtengo, nagwada pang'ono.

“Atate, ndalakwitsa ndine. Ndithandizeni kukonza. Mukamapatuka, mumapita kutali bwanji?”

A Wilbroad anamuyang'ana ngati wawafunsa kuti amapuma kangati patsiku. Kenaka anaimirira, nayenda mapazi atatu cham'mbali, naima. Tamiwe anayeza: mamita awiri ndi theka.

“Koma pakhale kanthu,” anawonjezera a Wilbroad. “Mtengo, kapena chitsamba. Kungoima pambalambanda ngati chikwangwani, ndiye kulakwa kwake n'komweko.”

“Nanga mumawazindikira ali kutali bwanji?”

“Ambulera ijayi? Ngakhale ali pachulu icho.”

Mpaka pachulupo panali mamita makumi asanu. Tamiwe anafunsanso amuna ena atatu, mmodzi wa iwo wamaso ofooka, ndipo anagwirizana pa mamita makumi atatu. Anayala pulani pabondo, nayamba kujambula ndi pensulo, anthu atamuzungulira. Pa mamita makumi atatu alionse mpanda ubwerere m'mbuyo mapazi atatu, pabzalidwe mtengo. Puloti iliyonse itaya kakona kosakwana n'khola la nkhuku lomwe.

“Pamenepo ndi pabwinonso kutulirapo katundu pochokera kumsika,” anatero Yosefina. “Muikepo benchi.”

“Benchi ayi,” a Wilbroad anayankha msanga. “Akakhalapo iwo, ine ndilowera kuti?”

“Yosefina,” anatero mayi Esnat, “uwauze kuti miyendo yanga yatumikira boma zaka makumi atatu. Benchi ndikuifuna.”

Anakangana kwa kanthawi kudzera mwa Yosefina, yemwe pomalizira pake anangosiya kutembenuza mutu. Anamvana kuti mabenchi akhale pamphambano ndi kumsika, poonekera patali, ndipo popatukira pakhale mtengo wokha.

A Bizwell anati zojambula ndi pensulo sangazikhulupirire. Tamiwe anapempha amuna awiri kuti azule zikhomo zinayi, akankhire chingwe m'mbuyo. Kenaka anamuimika Fulansisi pamenepo manja ali m'mwamba kuti akhale mtengo, poti ndiye analibe woti n'kumuopa. Magulu awiri aja anabwerera kumalekezero a njira, nayambanso kuyenda.

Tamiwe anaima pambali, pensulo ili kukamwa. Ambulera inatulukira kumtunda. A Wilbroad anayenda osathamanga, nafika pamalo paja, napatuka, navula chipewa kuseri kwa Fulansisi. Mayi Esnat anadutsa. Atapitirira pang'ono anaima, nalankhula nkhope ili kutsogolo.

“Mwaswera bwanji kumeneko?”

“Taswera bwino, kaya inu amayi,” anayankha a Wilbroad kuseri kwa mtengo wawo.

“Taswera.”

Kunali kulonjerana kwa masiku onse, mmene akhala akuchitira zaka makumi awiri ndi zisanu, wina panjira wina patchire. Anthu ena anawomba m'manja, ena anangoti, “Basi, ndi zimenezo.”

Manja anawerengedwa kawiri, chifukwa a Bizwell anati ena anakweza awiri. Ulendo woyamba pulani ya Tamiwe inapeza manja makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi, ya wapampando makumi anayi. Ulendo wachiwiri ya Tamiwe inawonjezera limodzi. A Bizwell analemba zotsatirazo m'buku la msonkhano ndi zilembo zawo zokongola za pabolodi, napereka dzanja kwa Tamiwe.

“Pofika Lachisanu ndione pulani ya inki,” anatero. “Ya pensulo sindisainira.”

“Muiona, aphunzitsi.”

Anthu atayamba kubalalika kupita kumsewu kukadikira mabasi, Tamiwe anakhala pansi m'mphepete mwa ngalande, miyendo ili lendelende. Apa m'pamene anazindikira kuti chidzukire sanalawe kanthu. Anayala pulani ija, nayamba kuwerenga malo opatukira amene ayenera kujambula. Atafika pa zana limodzi analeka, nagona chagada paudzu wonyowa, pulani ili pachifuwa.

Foni inalira m'chikwama. Anali mkulu wa oyeza malo, amene ankadikira kumva kuti zikhomo akhome potsata pulani iti.

“Madamu, zatha bwanji kumeneko? Tikonzekere misewu?”

“Njira zapansi,” anatero Tamiwe. “Koma musabwere Lolemba. Ndipatseni sabata imodzi, pali makona ena oti ndidule.”

“Angati?”

“Bwerani ndi zikhomo zambiri.”