Chopimira cha Malemu Fabian

Chaka chimenecho mu Lusaka, wofuna sopo ankaima pamzere mpaka miyendo kutupa. Nanga kuli bwanji chopimira m'chifuwa, kachipangizo kaja madokotala amaika m'makutu? Gilson Sakala wa ku Kabwata, wophunzira udokotala, anayenda Cairo Road yonse, sitolo ndi sitolo, ogulitsa n'kumangomulozera mashelefu a fumbi.

Zopimira zapasukulu zinali zitatha kalekale, zina mipira itang'ambika, zina zitamera miyendo. Ndiye aphunzitsi, anthu oti zawo anagula ku Ulaya, analamula kuti pa mayeso opima odwala aliyense abwere ndi chake, wobwera chimanjamanja abwereze chaka. Ana a anthu olemera a ku Kabulonga sanatekeseke, zawo zinabwera pandege. Koma Gilson anali atabwereza kale kamodzi, ndipo wobwereza kachiwiri ankamuonetsa msewu. Anapempha uku ndi uku, aliyense n'kumati chake chili pantchito.

Amene anamumvera chisoni ndi mlamu wake Fabian, mwamuna wa mlongo wake Eness, yemwe ankapima odwala pa kiliniki ina ku Chelstone.

"Usavutike, mulamu," anatero Fabian. "Pa Mande, siku ya mayeso, siniyenda ku nchito, uzatenga yanga. Iwe pasa chabe."

Lachinayi, lole inamugunda Fabian pa Great East Road, n'kufera pomwepo.

Gilson analira mlamu wake ndi mtima wonse, bodza ayi. Koma atalowa kuchipinda kukapepesa mlongo wake, maso ake anagwera pa chopimira chija chili lende pamsomali, ndipo anadzichitira yekha manyazi. Katundu wa malemu sakhudzidwa abale ake asanagawe, makamaka ndi wa kuchikazi. Komabe anagwada pafupi ndi Eness n'kumunong'oneza za chopimiracho.

"Iwe, ufuna bakambe ati nine namupaya kuti titenge katundu?" Eness anayankha mano ali chilumire. "Yembekeza tishike maliro, ukapempe kuli ba Abednego."

A Abednego anali mkulu wake wa Fabian, munthu wokonda kuti zinthu zioneke. Gilson anakonzeratu mawu: akawaitanira pambali maliro akatha, n'kupempha kuchibwereka tsiku limodzi lokha.

Loweruka ku manda a Leopards Hill, anatsegula bokosi kuti anthu aone nkhope. Atcheyamani achipani analankhula mpaka azimayi kuyamba kuodzera. Kenako a Abednego anaimirira, anapisa dzanja m'jekete, n'kutulutsa chopimira chija.

"Mufana wanga enze dokota," anatero mokweza. "Sangayende monga muntu wamba. Ba Gilson, nimwe muziba mwamene bavalila. Bwelani mumuvalike mulamu wanu."

Anthu anavomereza, ena mpaka kuyamikira ulemu wake. Gilson anaimirira. Mawu analipo kukamwa: chopimiracho chinalonjezedwa kwa ine, wakufa sapima munthu. Anatembenuka n'kuona Eness atakhala pakati pa azilamu ake awiri, onse akumuyang'anitsitsa ngati akudikira kuti alakwe. Gilson akanangotsegula pakamwa, mlongo wake akanatuluka m'nyumba ija ndi chitenje chokha.

Anachilandira. Chinali chopepuka, mpira wake wosang'ambika paliponse, chitsulo chitafunda ndi thupi la a Abednego. Anaweramira m'bokosi, anadzutsa pang'ono mutu wa Fabian, n'kuchikoleka m'khosi monga amachitira madokotala akamayendera odwala. Anakonzanso kolala kuti chioneke bwino. Misozi yake inagwera pa tayi, ndipo azimayi anati taonani chikondi cha paulamu. Iye ankadziwa kuti akulirira anthu awiri, Fabian ndi iye mwini, ndipo anataya mtima.

"Yankala bwino?" anafunsa a Abednego.

"Yankala bwino," anayankha Gilson.

Anatseka bokosi, analitsitsa ndi zingwe, kwaya n'kuyamba nyimbo. Azibambo ankalandirana fosholo, ndipo itafika kwa Gilson, anaponya dothi ngati wina aliyense.