Phazi Losamva Moto

Esnati Naphiri ankawadziwa makinawo kuposa eni ake. M'mawa uliwonse, asanakhudze mbale, ankagwada pakapeti m'chipinda cha adona ake, Mayi Daxa, ku Area 43, n'kumawauzira mpweya wotentha m'maondo. Makinawo ankaoneka ngati choumitsira tsitsi cha kusaluni, kungoti anali aatali ndipo kukamwa kwake kunkayaka kuwala kwabuluu. Mayi amene anadzawagulitsa kusitolo ya adonawo ku Old Town ananena kuti mumatuluka mafunde otchedwa terahetsi, olowa mpaka m'mafupa n'kukadzutsa mitsempha yogona.

Mawu akuti mitsempha yogona anamukhala Esnati pamtima. Amuna ake, a Jobu, anali ndi matenda a shuga, ndipo mapazi awo anali atachita dzanzi chaka chathunthu. Ulonda anausiya atayenda tsiku lonse ndi msomali m'nsapato osadziwa. Bala limenelo linatenga miyezi itatu kuti lipole, ndipo adokotala sanabise mawu: likadzabwera lina n'kukana kupola, adzadula mwendo.

Kunyumba kwawo ku Kauma kunalibe magetsi. Choncho Lachisanu lina, adona ndi bwana Jitendra atapita kusitolo, a Jobu anatsika pa kabaza pageti. Mlonda wa panyumbapo, Lexon, anatsegula kachitseko akumung'ung'udzira Esnati, amene anabwera kudzawalandira.

"A Naphiri, mundichotsetsa ntchito inu."

"Mphindi makumi awiri zokha, achimwene."

"Alamu, lowani msanga. Yendani ngati mwabwera kudzadula kapinga."

Esnati anawakhazika amuna ake pakhonde la kuseri kwa khitchini, pomwe ankasitira zovala. M'nyumba munali Disha yekha, mwana wa adona amene ankagwira ntchito pasitolo ya mankhwala ku City Centre, ndipo tsikulo ankapuma m'chipinda chake. Esnati anawavula a Jobu nsapato, n'kuika phazi lamanja pamiyendo pake.

"Zikakuotchani munene, bambo a Bernadetta. Adona amakuwa kuti, 'Kwatentha, Esnati, talikitsa!' Ine ndimadziwira pomwepo."

"Musadere nkhawa. Ndikuwa mpaka amva ku Old Town."

Anayatsa makinawo. Anayambira patali, monga ankachitira ndi maondo a adona.

"Mukumva kanthu?"

"Phokoso lokha."

Anasendeza pafupi. "Nanga pano?"

"Ngati mukupemerera phazi la munthu wina."

Mwayi wina ngati uwu Esnati sakanaupezanso. Ngati mitsempha ya adona inkadzuka ndi nambala yoyamba, ndiye kuti ya amuna ake inagona tulo tofa nato. Anakankhira batani pa nambala yachitatu, imene adona sankailola, n'kusendeza kukamwa kwa makinawo mpaka kutsala pang'ono kukhudza zala. Kenako anatsinzina n'kuyamba kupemphera. Anapempherera phazilo, chala chimodzichimodzi, anapempherera kuti amuna ake adzabwerere ku ntchito, anatchula ndi Bernadetta wawo amene anali pafupi kulemba mayeso. Nthawi yonseyo khutu lake linkadikira mawu amodzi okha, akuti kwatentha. Mawuwo sanabwere.

Chimene chinabwera ndi fungo, ngati kuti wina akuwaula nkhuku.

Atatsegula maso, khungu la pazala linali litayera n'kukwinyika, matuza atatukuka mpaka pamwamba pa phazi, lina litaphulika kale. A Jobu ankangoyang'ana mapeyala a mumtengo wa adona.

"Mwazimitsiranji, mayi a Bernadetta? Ndimati mwina ndiyamba kumva."

Esnati anathamangira kugeti n'kumukoka Lexon dzanja. Lexon ataliona phazilo anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Mverani, a Naphiri. Bwezerani chinthucho m'bokosi. Pakani mankhwala otsukira mano, mumange ndi nsalu, ine ndiitana kabaza. Mawa mukanene kuchipatala kuti anaponda mbaula. Adona akadziwa, tonse tili panja."

Esnati anakulunga chingwe cha makinawo. Zaka zisanu ndi zinayi anagwira ntchito panyumbapo, ndipo pakhomo pawo panalibenso wina wolandira malipiro. Anafika nawo pakhomo la chipinda cha adona. Ali pomwepo anamva amuna ake kukhonde akufunsa motsitsa mawu, "Lexon, tandiuza zoona. Aona chiyani mayiwa?" Anakumbukira miyezi itatu ya bala la msomali, kabala kosakwana ndi chikhadabo chomwe. Ili linali phazi lonse, ndipo Lexon ankati mawa.

Anadutsa chitseko cha adona, n'kukagogoda kwa Disha ndi manja onse awiri.

"A Disha, ndalakwa. Ndaba makina a amayi anu, ndawaotcha amuna anga. Mundichotse ntchito, koma chonde galimoto."

Disha anatuluka wopanda nsapato. Ataliona phazilo sanafunse zambiri. Anatsegula mpopi wa panja n'kuuza a Jobu kuti aliike pamadzi oyenderera, ndipo Lexon atabwera ndi mankhwala otsukira mano anamukalipira kuti awataye kutali.

"Anti Esnati, munayandikiza chotere chifukwa chiyani?"

"Sanakuwe. Ndimafuna mafunde aja afike m'mitsempha."

"Mafunde enieni a terahetsi sapita patali m'thupi. Madzi a pakhungu amawameza pamwamba pomwepa, sangafike kufupa. Ndipo ichi," anatero akuchikankha ndi phazi, "ndikukayika ngati chimatulutsa mafunde alionse. Ndi choumitsira tsitsi chovala suti. Amayi ndinawauza, anati ndikudzionetsa sukulu."

"Ndiye sindinawapatse kanthu? Moto wokha?"

Disha anakatenga makiyi a galimoto.

M'galimoto Esnati anakhala kumbuyo, phazi lokutidwa ndi nsalu yoyera yonyowa lili pamiyendo pake. Pa mphambano iliyonse ankawerama n'kunong'ona kuti, "Lisadulidwe, lisadulidwe." A Jobu anamugwira paphewa.

"Lekani kulira, Naphiri. Ine sindikumva kuwawa."

"N'chimene ndikulirira."

Foni ya Disha inalira asanafike kuchipatala. Anali adona. Mayi ndi mwana analankhula chilankhulo chawo mokweza, ndipo Esnati anangomvamo dzina lake katatu, ndi la Lexon kamodzi. Anatambasula dzanja, Disha n'kumupatsa foniyo.

"Adona, Lexon asalangidwe. Ndine ndinamukakamiza."

"Unalowetsa mwamuna m'mpanda mwanga, Esnati. Unatsegula kabati yanga. Bwanji sunandipemphe?"

"Ndinaopa kuti mukana."

Adona anadula foni.

Kuchipatala adokotala analiyang'ana phazilo nthawi yaitali, n'kufunsa chimene chinaotcha, nthawi yake, ndi chimene anapakapo. Esnati ananena zonse mmene zinachitikira. Adokotalawo anati zala ziwiri zapsa kwambiri, koma popeza anafika msanga ndipo balalo linali laukhondo, ayesetsa kuti zithere pomwepo.

Zala ziwirizo anazidula patapita masiku asanu ndi limodzi. Phazi linatsala.

Tsiku lomwelo Esnati anayenda wapansi kupita ku Area 43. Lexon anali akadali pageti, koma sanatsegule kachitseko. Anamupatsira pamwamba chikwama cha pulasitiki muli yunifolomu yake ndi patapata: ntchito inali itatha. Pansi pake panali mabandeji ndi kagalasi kakang'ono, ndi kapepala ka Disha kakuti aziona ndi kagalasiko kunsi kwa mapazi a amuna ake tsiku lililonse.

Anabwerera kuchipatala dzuwa likupendeka. A Jobu anali chigonere, phazi lili pamwamba pa mtsamiro.

"Akuti chiyani adona?"

"Akuti ndizikusamalirani," anatero Esnati, n'kugwada kumapazi kwa bedi. Anavundukula phazi lamanzere, lija losapsa, n'kuyamba kuliyendera ndi maso kuyambira kuchidendene.