Mtolo wa ba Fackson

Fackson ankagwira ntchito ya m'dimba pa loji ina ya ku Nakatindi. Tsiku lililonse ankaona azungu akuvala zipewa, kutenga mabotolo a madzi, n'kulowa m'tchire. Madzulo ankabwera ofiira ngati tomato, m'manja mulibe kanthu, koma akusangalala. Iye anaganiza kuti kumeneko ndiye kutsogola.

Mu Novembala 1994 anauza anzake a kwaya ya ku Maramba kuti Loweruka apite kokayenda m'mbali mwa mtsinje. Chimene sanawauze n'chakuti ankafuna Mutinta, mtsikana woimba kutsogolo, amuone kuti ndi munthu wodziwa zinthu. Chaka chonse ankalephera kumufunsira.

Anabwera anthu khumi ndi awiri. Ba Simasiku, mkulu wa kwaya, anafunsa kuti kumene akupitako kuli maliro kapena ukwati. Fackson anafotokoza kuti kulibe kanthu, n'kuyenda chabe, kuona mitengo ndi mbalame. Anaikanso lamulo lakuti munthu asatole chilichonse, chifukwa azungu satola.

Anatsogola yekha, chipewa chobwereka kumutu. Dzuwa linaswa mtengo. Analoza mbalame ina n'kutchula dzina lachizungu limene anamva ku loji, ba Simasiku n'kunena kuti imeneyo ndi njiwa, amadya. Pamene anafika pamthunzi pafupi ndi madzi, Fackson anali atamaliza botolo lake ndi la mnzake.

Pamenepo m'pamene amayi a m'kwayamo anaona mitengo ya mupani imene njovu zinagwetsa, youma bwino. Nyimbo imene ankaimba inathera pakati. Zitenje zinamasulidwa, makungwa anasendedwa, aliyense akumanga mtolo. Fackson anakumbutsa za lamulo lija, koma palibe amene anatembenuka.

Anapita kwa Mutinta n'kumuuza kuti akuwononga ulendo.

"Ba Fackson, imwe malasha ophikira mumagula zingati?" anatero Mutinta, bondo lili pamtolo. "Amai anga akamva ati nayenda tsiku lonse na mwamuna, nabwela na manja chabe, azakamba ati uyo mwamuna ni wa nchito yanji?"

Fackson anaima kaye. Mawu akuti mwamuna anali asanawamvepo pakamwa pa Mutinta. Anavula chipewa chija, n'kuchipinda kukhala nkhata.

Mtolo umene anam'senzetsa unali wa anthu awiri. Khosi linalowa m'mapewa, minga inam'ng'ambira shati, ndipo njira yonse yobwerera sanaone mbalame ngakhale imodzi, ankangoona zala zake zakumapazi. Pamsika wa Maramba anzake ena amene anakumana nawo anam'funsa mtengo wa nkhunizo. Iye anangowadutsa, mutu sunkatembenuka.

Pamphambano anafunsa Mutinta kuti atule pati.

"Musatule," anatero Mutinta. "Pelekani kunyumba. Amai alipo, mukazionetse nokha."