Nkhalango ya Bambo Ralph

Thokozire, telala wa ku Biwi, analowa gulu la Mapazi Obiriwira chifukwa adokotala anamuuza kuti msana wake watopa ndi kukhala pamakina. Gululi linkakwera mapiri Loweruka: lero Bunda, sabata ina Nkhoma. Mvula itayamba, wapampando wa gulu, bambo Ralph, analengeza pa WhatsApp kuti akabzala mitengo m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, kumunsi kwa Kawale.

Anthu makumi anayi anayankha kuti, "Tilipo!" Tsikulo anafika khumi ndi awiri, atavala matisheti obiriwira, magalasi akuda ndi nsapato zodana ndi matope. Khasu linali limodzi, la Thokozire, lomwe anakwera nalo minibasi kondakitala akumufunsa ngati mtauni mwayamba ganyu.

Bambo Ralph analankhula za kusintha kwa nyengo mpaka mbande zinayamba kufota ndi kumvetsera. Atamaliza anapempha khasu, nalikweza m'mwamba, nadikira kuti Patience, wojambula zithunzi wa gulu, apeze poima pabwino. Dzenje lenilenilo anakumba ndi Thokozire. Mbande imodzi ya m'bawa inabzalidwa kasanu ndi kawiri: munthu kugwada, kumwetulira, kenaka kuizula kuti mnzake naye abzale.

Mayi wina amene ankapalira dimba lake chapafupi anasiya ntchito n'kusendera. Dzina lawo anali mayi Jemima.

"Mwabweranso, abwana?" mayiwo anafunsa bambo Ralph.

"Ayi amayi, ife n'koyamba."

"Pepani, ndakusokonezani ndi a matisheti achikasu a chaka chatha. Mukawaona mukawathokoze. Timitengo tawo titauma ndinachirikizira tomato, anabereka bwino zedi."

Bambo Ralph anaseka pang'ono, nauza gulu kuti anthu akumakomboni akufunika kuphunzitsidwa. Dzuwa litafika pamutu, anati onse apite ku Area 25 kukaunika mmene ntchito yayendera, pamalo ena owotcha nyama. Mbande makumi asanu ndi atatu zinali zikadali m'machubu.

"Nanga izi?" anafunsa Thokozire.

"Funso labwino, mlongo. Kuyambira lero ndinu wapampando wa komiti yosamalira mitengo."

Anamuwombera m'manja, nakwera magalimoto. Thokozire anayang'ana uku ndi uku kufuna mamembala a komiti yake. Panali iye ndi mbuzi ya eni ake. Mtima unamuwawa, anafuna kunyamula khasu lake azipita.

"Musabzale kumusiko, madzi akadzaza amakokolola," anatero mayi Jemima, atatenga kale mbande ziwiri. "Bwerani kumtunda kuno. Tizitchinga ndi minga."

Anabzala awiriwo mpaka madzulo. M'mwezi wa February kunachita ng'amba, ndipo Thokozire ankatseka shopu masana Lachitatu lililonse kukatunga madzi mumtsinje ndi ndowa ya mayi Jemima. Ankapita akudandaula, kubwerako akudandaula, koma ankapitabe. Pofika April, mitengo makumi asanu inali itagwira.

Tsiku lina akusoka yunifolomu ya sukulu, foni inalira. Anali bambo Ralph, mawu ali wefuwefu.

"Mlongo, ndili ndi alendo ochokera ku bungwe lina, akufuna kuona nkhalango yanga. Tazungulira Kawale yense. Paja timakhota pati?"

"Nkhalango yanu yomwe, mwaiwala njira?"

"Malo asintha. Fulumirani, akundiyang'ana."

Thokozire anadula ulusi ndi mano, mosafulumira.

"Siyani galimoto pachigayo, mutsike wapansi. Mukafika pamatope musabwerere, pitirirani ndithu. Mukaona mayi ali ndi khasu, muwapatse moni mwaulemu, mudzitchule dzina, chifukwa sakukumbukirani. Akamaliza kupalira akuonetsani mtengo wanu."

"Mtengo? Umodzi?"

"Unauma, koma tinausiya pomwepo. Tinati mwina mudzafuna kujambulitsanso."

Anadula foni, naponda makina.