Nyumba Yogulidwa Pamaliro

Linali Loweruka m'mawa, chaka cha 1992, banja la Aloysius likumwa tiyi m'kachipinda kawo ka lendi m'fulati ina ku Joubert Park, mumzinda wa Joni. Ana atatu anakhala pamatiresi, mayi awo, Rozina, akuwagawira buledi. Madzi a tiyiyo anali opempha kwina, chifukwa mwini fulatiyo anali atatseka mipopi. Anali atalamulanso kuti pofika Lachitatu aliyense akhale atatuluka, apo ayi katundu adzaponyedwa pawindo.

"Abambo, kumaliro mupita?" anafunsa Rozina.

"Ndipita. Nanga nyimbo akayambitsa ndani?"

"Mukupitira nyimbo zokha?"

Aloysius anatulutsa marandi zikwi zitatu amene anasunga pa zaka zisanu akusenza makatoni m'shopu ya ku Doornfontein. Theka anaika mu envulopu, theka linalo anabisa m'sokosi.

Malirowo anali a Mose, mnzake wa kwawo ku Ntcheu, amene anthu osadziwika anamuponya kunja sitima ikuthamanga. Anasiya mkazi, Mariya, ana awiri, ndi mkhukhu, kanyumba kamalata ka zipinda ziwiri ku Ivory Park, pamalo okhala ndi nambala ndi pepala lake. Abale anagwirizana kuti mtembo upite kumudzi, ndipo ndalama ya ulendowo ichokere pogulitsa kanyumbako. Ogula anali ambiri.

Aloysius atafika masana, anapeza mmodzi wa iwo wafika kale. Anali mwini matekisi wa ku Tembisa, ataima pakhomo chipewa chili kumutu, akugogoda malata ndi kiyi kuti amve kulimba kwake, amayi akulira mkati.

"Ubani ophethe la?" anafuula m'Chizulu, kufunsa mwini nkhani. Kenaka anatchula mtengo wake aliyense akumva: zikwi zitatu, pompo.

Amalume a malemu, bambo a imvi amene anathera unyamata wawo m'migodi, anayang'ana pansi.

"Pano pali zovuta, si pamsika. Mubwere mawa," anatero.

Aloysius anavula chipewa adakali patali. Anakhala pansi pamodzi ndi amuna anzake, naponya yake m'mbale ya chipepeso, nayambitsa nyimbo. Anaimba mpaka dzuwa kupendeka, za nyumba osatchula. Atatero anagwada pafupi ndi amalumewo n'kuwapempha kuti apite kuseri.

"Amalume, ine sindinabwere kudzagula. Ndingagule bwanji m'bale wanga asanagone? Ndabwera ndi kangachepe kuti a Mose akafike kwawo. Pakhomo pano ndisungapo ine ndi ana, pasalowe mlendo."

Anapereka envulopuyo ndi manja awiri. Mkuluyo anaifinya ndi zala osaitsegula.

"Muli zingati, mwana wanga?"

"Chikwi chimodzi ndi theka."

Amalume anamuyang'ana nthawi yaitali. Onse awiri ankadziwa kuti bokosi ndi galimoto zidzadya pafupifupi yonseyo, ndipo Mariya akafika kumudzi chimanjamanja. Aloysius akanati ndi mtengo, mkuluyo akanati onjezani. Koma thandizo la pamaliro salikana, ndipo sanena kuti lachepa. Akanalibweza, mbiri ikanakafika mpaka ku Ntcheu yoti anakankha dzanja la m'bale n'kugulitsa khomo la malemu kwa munthu wosavula chipewa.

"Mwaphunzira bwino za kuno ku Joni, ndi za kwathu simunaiwale," anatero mkuluyo chapansipansi.

Anaitanitsa Mariya ndi amuna awiri oti akhale mboni. Mayiyo anatuluka ataphimba nkhope ndi chitenje, pepala la malowo lili m'manja. Atamuuza nkhaniyo, anasaina pamene anamulozera, kenaka anagwada pamaso pa Aloysius.

"Zikomo achimwene, Mulungu akudalitseni. Bola mukhalemo inu a kwathu." Anapukuta maso. "Mukawauze mayi a kunyumba kwanu kuti pakona ya kuchipinda pamadontha. Mvula ikamabwera aziikapo beseni."

Ndalama ya m'sokosi ija inayamba kumuotcha. Anawerama, dzanja n'kufika pakakolo. Anakumbukira Lachitatu, galimoto yosamutsira katundu, ndi sukulu yatsopano ya ana. Anangokanda mwendowo n'kuweramuka.

"Musadandaule alamu, ndife amodzi," anatero.

Kutsogolo kwa nyumba anthu anamuitana kuti ayambitse nyimbo ina. Aloysius ankaganiza kuti mawu amukanika, koma anatuluka bwinobwino, osanjenjemera n'komwe, amayi n'kulandira.

Anafika ku Joubert Park dzuwa litangolowa. Rozina anamuchingamira pamasitepe, ana asanamve.

"Zatheka?"

"Zatheka. Tilowa Lachiwiri, iwo akanyamuka."

Ali m'chipinda anavula nsapato, natulutsa ndalama yotsala ija, yonyowa ndi thukuta, n'kuiika pamatiresi. Rozina anaiyang'ana, nayang'ana mwamuna wake.

"Nanga Mariya akadya chiyani ndi ana aja?"

"Ife tikanadya chiyani? Malata?"

"Munaimba?"

"Ndinaimba."

Rozina anatola ndalamayo, naimanga pansonga ya chitenje, mfundo ziwiri, n'kuyamba kukulunga makapu m'manyuzipepala. Ana atamva kuti apeza nyumba anadumphadumpha, wamng'ono akufunsa ngati kuli malo osewerera mpira.

M'mawa mwake, potuluka kutchalitchi, Aloysius anadzera ku Park Station kwa Nasibu, mnyamata wamkulu wa ku Mangochi amene ankayala malonda ake pakatoni.

"Madala, lero mwawala! Ndikupatseni chiyani?"

"Loko."

"Wa sutikesi kapena wa chitseko?"

"Wa chitseko."

Nasibu anasankha wamkulu, namutsegula ndi kumutseka kawiri kuti aone kuti ndi wamoyo. Aloysius analipira, naika makiyi m'thumba, n'kuwoloka msewu.