Fyuzi M'thumba la Jekete

Girizi, makaniko wa maboti, anali ndi lamulo limodzi lomwe ankalisunga kuposa malonjezo a ukwati. Asanapise dzanja m'makina okokera nangula, ankazula kaye fyuzi n'kuiponya m'thumba mwake. Makina opanda fyuzi saluma munthu.

M'mawa umenewo anachita zomwezo pa boti la apongozi ake. Kenaka mdalayo anadandaula za mphepo. Girizi, pofuna kuoneka mkamwini wabwino, anawavulira jekete, iwo n'kukalowa nalo m'kachipinda koyendetsera.

Iye anagwada kutsogolo kwa boti, akupala dzimbiri pa gudumu la mano lomwe limakoka tcheni. Tcheniyo sanaimangirire chingwe, ati ntchito yake ndi yachidule. Funde linanyamula boti, tcheni n'kukungika. Gwa! Dzanja linapanikizika pakati pa tcheni ndi gudumu. Silinathyoke, koma kutuluka linakana.

Anayang'ana pansi. Bondo lake linali litadinda swichi yopondapo, yomwe imayendetsa makinawo. Akanati alisunthe, akanagwera kumbali, mkono n'kuthyokera pomwepo.

"Palibe kanthu, fyuzi ndili nayo," anadzilimbitsa mtima, uku akupapasa pachifuwa.

Anapeza malaya okha.

Pagalasi la kachipinda kaja anaona apongozi akupisa m'matumba a jekete, mwina kufuna machesi. Anatulutsa fyuzi, kuizondotsa, n'kupukusa mutu ngati akuti ana a masiku ano kutaya zinthu. Mdalayo anali munthu woti akaona chinthu chili posayenera, sapuma mpaka atachibwezera. Anatsegula kabokosi ka magetsi.

"Bambo! Musaike imeneyo, bambo!"

Makutu a mdalayo anapuma ntchito kalekale. Ankangomva akamaitanidwa kukadya.

"Bambooo!"

Mphepo inalanda mawuwo. Girizi anayang'ana mano a gudumu, kenaka zala zake zomwe zinali zitayamba kutuwa. Makina amenewa amazula nangula m'matope ngati udzu. Nanga zala? Mdalayo anavala magalasi, n'kuwerama kufuna pabowo pake.

Girizi anatola sipanala ndi dzanja lamanzere. Chikwatirireni anali asanakwezepo mawu kwa munthu ameneyu. Anatseka diso limodzi n'kugenda.

Phwaa! Galasi la kachipinda linamwazika. Mdalayo anadumpha, fyuzi n'kugwera pansi.

"Iwe! Wapenga? Ukufuna mwana wanga akhale wamasiye kuwiri, ine kumanda iwe kundende?"

Anatuluka akutukwana, koma atafika pafupi anaona dzanja litapanikizika. Anathamangira chitsulo chachitali, kuchilowetsa pansi pa tcheni, n'kutsamira ndi thupi lonse. Dzanja linapulumuka.

Girizi anakhala pansi, kutali ndi swichi, akugwedeza zala chimodzichimodzi. Zonse zinayankha, ngakhale monyinyirika.

"Galasi langa ukonza," anatero mdalayo.

"Ndikonza, bambo. Jekete khalani nalo. Fyuzi yokhayo ndipatseni."

Ataipeza pansi pa mpando, Girizi anaiika mu sokosi.